Galimoto Ibwera Lachinayi

Lolemba, 10 Febuluwale

Ndafika. Lole ya zidebe ndi malona yanditula pasukulu masana, yatsitsa katundu n'kutembenuka nthawi yomweyo. Adalaivala akuti safuna mvula iwapeze kuno.

Kuno ndi kumtunda kwa Kaphuka, kuseri kwa phiri. Lachisanu lapitali madzi anatsika m'phirimo ndi miyala, mitengo, chilichonse. Ena akuti napolo. Nyumba zagwa, minda ya kachewere yakokoloka, anthu akugona m'makalasi, amayi ndi ana uku, abambo uko. Paliponse fungo la utsi ndi zovala zosauma.

Madamu Susan, abwana anga, anandiuza pochoka ku Lilongwe: "Pilira, kumbukira, bungwe lathu siligawa mankhwala. Ife timalankhulira anthu. Kapeze odwala matenda a mgonagona, a shuga, a bipi, a mphumu, a khunyu. Pakagwa ngozi amenewa amaiwalika. Kamve mmene akuvutikira, utitumizire nkhani, ife tikagogode nazo kwa akuluakulu." Chiyambire kuphunzira ntchito kubungweko, yanga inali yophika tiyi wa misonkhano ndi kulemba zokambirana. Uno ndi ulendo woyamba kutumidwa ndekha. M'lole muja ndimachita kumwetulira ndekhandekha. Pano kaya.

Ndikugona kwa aphunzitsi ena aakazi, m'kachipinda kosungira chimanga. Pasukulu pano netiweki imapezeka pachulu cha kuseri kwa zimbudzi basi.

Mlangizi wa zaumoyo ndi a Levison. Maso ofiira, akuti tulo sanatione chiyambire Lachisanu. Nditawafotokozera za ntchito yanga anayang'ana chikwama changa. "Ndiye mwatitengera chiyani, asisi?" Ndinati foni ndi cholembera. Anangoti "Ooh," n'kupitiriza kusungunula kolorini m'chidebe.

Lachiwiri, 11 Febuluwale

A Levison analengeza m'makalasi, ndipo anthu anabwera ambiri kuposa mmene ndimaganizira. Mzere mpaka pamtengo wa belu. Onse amayesa ndabweretsa mankhwala. Nditanena kuti ndabwera kudzangomva nkhani zawo, mzere unamwazika. Ndinamva wina akuti, "Aa, ndi wolemba mayina winanso."

Otsala anali ochepa. Agogo ena a bipi, mapiritsi awo anapita ndi madzi. Mayi wa mwana wakugwa. Kenako a Victoria.

A V. ndi aang'ono thupi, oonda, koma mawu ngati wailesi. Amagulitsa kachewere ndi tomato pa Chimbiya, m'mbali mwa msewu. Akuti palibe kondakitala wa minibasi amene sawadziwa. Ana awiri, Nomsa ndi kamng'ono Themba. Shuga anawapeza ali mtsikana, asanakwatiwe, ndipo kuyambira pamenepo amadzibaya insulini m'mawa ndi madzulo. Akapanda kubaya, thupi silichedwa kugonja. Poti kwawo kulibe firiji, timabotolo amasunga mumtsuko wokwirira mumchenga wonyowa, pakona ya nyumba. Khoma linagwera pakona yomweyo. Anapulumuka nako kamodzi kokha, kamene kanali m'thumba la epuloni yawo ya kumsika, kotsala pang'ono.

"Ndikubaya theka-theka kuti kandifikitse patali," anatero, akukakweza kuti ndione. Kenako: "Ndiye nkhani yangayo mukailemba, izindibaya ndi iyoyo?" Anaseka, nanenso ndinaseka. Manyazi.

Amafuna mawa akwere kabaza apite kuchipatala chachikulu ku boma akatenge ina. Koma mawa lomwelo kuli kalembera wa chakudya, ndipo wosapezekapo salembedwa. Amuna awo, a Gervazio, akumaswera kubwinja, kufukula malata m'matope.

Ndinathamangira pachulu. Madamu S. anakondwa: "Imeneyo ndiye nkhani, Pilira!" Akuti abwera okha Lachinayi ndi galimoto ya ofesi ndi wojambula, ayesa kutenga insulini, ndipo pobwerera awatenga a V. mpaka kuchipatala.

Ndinatsika pachulu ndikuthamanga.

"Mayi, musavutike ndi kabaza. Galimoto ibwera Lachinayi."

"Zoona?"

"Zoona."

Anayang'ananso kabotolo kaja, kukapendeketsa. "Lachinayi kafika. Chabwino asisi, ndidikira. Ndikwereko ya mabwana nanenso."

Lero ndiye ndadzimva kuti ndagwira ntchito.

Lachitatu, 12 Febuluwale

Mvumbi kuyambira m'mawa. A kabaza awiri anachoka ndi anthu kalembera asanayambe, anawoloka bwinobwino.

A V. alembedwa, alandira lona, chidebe ndi ufa wa phala. Atabwerako anandiitana m'kalasi mwawo. Anawotcha kachewere amene a Gervazio anatola m'matope, kundipatsa wamkulu, iwo kutenga kachidutswa. Anandionetsa ntchafu, timadontho takuda pathupi ponse, pena polimba ngati chikopa cha ng'oma. "Awa ndi mabala a moyo wanga," anatero. Akuti pofuna kukwatiwa abale a mwamuna anakana, ati mkazi wa majakisoni sabereka, ndipo sachedwa kufa. A Gervazio anangowauza kuti ndiye tikaferana komweko. "Tsopano taonani awa," akuloza ana. "Apongozi anga lero akadwala amaitana ine, ati ndine dokotala wa pamudzi."

Ndinaiwala kulemba. Ndimangomvetsera ndi kuseka.

Masana kunachita mdima, mvula inagwa ngati akukhuthula m'migolo. Madzulo kunabwera anthu akuthamanga: mlatho wapita. Wa pamtsinje uja tinawoloka ndi lole. Njira ina ya galimoto yofika kuno kulibe.

A V. atandiona pakhonde anandikwezera dzanja. Ndinakabisala m'kachipinda.

Lachinayi, 13 Febuluwale

Galimoto yabwera. Yabweradi. Yaima kutsidya.

Tinatsikira kumtsinje ine, a V. ndi a Gervazio. A V. anasamba, kuvala chitenje cha kwaya, kachikwama m'manja, ana atawasiya kwa mnzawo. Pamlatho patsala zipilala basi. Madzi ofiira, akudutsa ndi nthochi zathunthu, mizu m'mwamba. Phokoso lake sungamve mnzako ali pambali.

Madamu S. ndimawaona bwinobwino, atavala jekete yachikasu, akukupiza dzanja. Kumeneko netiweki imagwira, ndiye tinalankhulana pafoni tikuonana. Insulini sanatenge. Kuchipatala awauza kuti sapereka kwa munthu wina, wodwalayo abwere yekha ndi buku lake la kuchipatala. Bukulo lili pansi pa matope. Ndinati nanga kugula? Akuti malamulo a bungwe salola kugula mankhwala, koma mawa kuli msonkhano wa mabungwe onse ku boma, akanena mwamphamvu.

Wojambula uja anajambula mtsinje. Anatijambulanso ife titaima tsidya lino.

A Gervazio anayenda m'mbali mwa madzi kufuna powolokera, kukwera, kutsika. Anabwera akupukusa mutu. "Apa ngakhale ng'ombe singayese."

Tinaimabe. Sindikudziwa timadikira chiyani. Kenako galimoto inatembenuka, tinaiona ikukwera chitunda mpaka inalowa m'nkhungu.

Pobwerera a V. ankaimaima kupuma. Anati dontho lomaliza abaya m'mawa. Ndinayamba kupepesa. Anandigwira paphewa: "Iii asisi, kodi mlathowo mwagwetsa ndinu?"

Bola akanandilalatira.

Lachisanu, 14 Febuluwale

Msonkhano ndinaumvera pafoni, nditakhala pachulu, ambulera ili pamutu. Kolera. Zimbudzi. Malona. Mbewu yobzalanso. Ndani agawe kuti, chizindikiro cha bungwe liti chikhale pazidebe. Nkhani yathu anaiika kumapeto, pa zina ndi zina. Madamu S. analankhula bwino, sindinganame, anawatchula a V. ndi dzina lomwe. Bambo wina wa mawu aakulu anayankha mwaulemu kwambiri: "Tamva, mayi. Koma pano tiyambe tapulumutsa miyoyo. Za shuga ndi bipi tidzaziona zinthu zikakhazikika." Wina anati nthawi yatha, chakudya chikuzizira. Batire inanditheranso pomwepo.

Kupulumutsa miyoyo. Nanga wa a V. ndi chiyani?

Masana amuna anakwanitsa kuponya chingwe kutsidya, kuchimanga pamitengo ya bulugamu, makatoni a thandizo n'kumawoloka akulendewera. Ine ndi a Levison tinatsegula onse. Kolorini, thanzi wa otsegula m'mimba, mankhwala a malungo, masikito, sopo. Katoni yomaliza ndinaitembenuza n'kumaigwedeza ngati wamisala. A Levison: "Simupezamo, asisi. Chiyambire ntchito ino sindinaonepo mankhwala a shuga m'katoni ya ngozi."

Ndinabwereka foni ya aphunzitsi. Ngati chingwe chikuwolotsa sopo, chingalephere kabotolo? Madamu S. akuti akusaka dokotala woti avomere kulemba wodwala asanamuone.

A V. akumwa madzi ngati akuthira pamchenga, kutuluka panja kosalekeza. Phala la pamsasa limabwera lothira kale shuga, sangadye. A Gervazio anakapempha nkhwani m'munda wa eni, kuwaphikira okha m'kapoto, amayi akuwaseka kuti mwamuna pamoto. Iwo osasamala. A V. akusekabe. Amasimbira amayi a m'kalasimo mmene tsiku lina minibasi inanyamukira ndi beseni lawo, iwo kukwera ina n'kuitsatira mpaka ku Linthipe, kukalanda beseni, kondakitala n'kugwada pamsewu. Kalasi yonse inali m'manja mwawo. Koma pakati pa nkhani amaima, kunyambita milomo, kupempha kapu.

Ku ofesi tili ndi chinsalu chachikulu cha pakhoma, cholembedwa kuti pangozi wina asatsalire. Ndinachisita ndine tsiku la msonkhano wa atolankhani.

Loweruka, 15 Febuluwale

Lero sakuseka.

Asanza kuyambira m'mawa. M'mimba akuti ngati mwalowa mpeni. Milomo yauma, yang'ambika. Akupuma mozama, mofulumira, ngati munthu wokwera phiri ndi thumba pamutu, chonsecho ali chigonere pamphasa. Mpweya wawo ukununkha ngati mapichesi oyamba kuwola. Zimenezi ndinaziwerenga ku koleji, mayeso ake ndinakhoza. Dzina lake la Chingerezi ndikulidziwa. Zimene ndikudziwa ndi zomwezo.

A Levison alibe kamakina koyezera shuga, alibe dilipi. Akuwamwetsa madzi ndi supuni.

Pachulu ndakwera mpaka miyendo kuwawa. Dokotala wapezeka, wavomera, walemba. Koma wosunga kiyi wa kosungira mankhwala wapita kumaliro, abwera Lolemba. M'mashopu a mankhwala pa boma mulibe. Madamu S. akuti abwerera ku Lilongwe akagule ndi za m'thumba mwawo, mawa m'mawa akhala ali pamtsinje. Kenako anati, "Pilira, ukapeza mpata utumize zithunzi, zitithandiza kukankha." Ndinadula foni. Sindikuwada ayi. Ntchito yake ndi imeneyo, ndipo ndinachita kuifunsira ndekha.

A Gervazio anandipeza ndikutsika pachulu. Akuti pali njira ya kuphiri, ya anthu otola nkhuni, imakatulukira kumsewu wa mbali inayo. Ndi yaitali, ndipo mvula ikugwabe, phiri lingagumukenso. "Ndiye asisi, inu mukuona bwanji? Tinyamuke kapena tidikire a mawawo?" Anandiyang'ana ngati ndili ndi yankho m'thumba. Ndinati sindikudziwa, bambo, funsani a Levison. Pakamwa panga sipatulukanso mawu akuti dikirani. A Levison anati m'mvula yotere tikafera m'njira tonse, tione kukacha.

Madzulo a V. anatsegula maso, kundipeza ndili pambali. "Asisi, mukulemba?" Ndinati ayi. "Lembanitu. Si ndi zimene munabwerera? Mulembe kuti ine sindiika tomato wowola pansi pa beseni." Anafuna kuseka, kunabwera kusanza.

Nomsa waswera pakhomo la kalasi atabereka mlongo wake. Salowa, sachoka. Amayi a m'kwaya ayamba kolona.

Lamulungu, 16 Febuluwale

Ndikulemba ndili pabenchi ya kuchipatala.

Kutacha a V. sanali kuzindikira munthu. Mvula inali italeka. A Levison anati, "Pano ngakhale insulini itawoloka pachingwe siikwanira, akufunika dilipi ndi dokotala. Tikadikira mtsinje tiwataya." A Gervazio anafuna awamangirire pachingwe chomwecho. Amuna anakana, chingwecho n'cha makatoni. Ndiye kuphiri. Ndinawaimbira madamu S. kuti azungulire akatipeze mbali inayo.

Anazula chitseko cha kalasi. Mapemphero a Lamulungu anathera pakati, amuna anavula majekete n'kubwera. Anawagoneka pachitsekopo, kuwafunditsa lona, kuwamanga ndi zitenje kuti asagwe.

Njira yake! Matope ofika m'mawondo, malo ena njirayo palibe, yagumuka, kuchita kukwawa ndi kugwira mizu. Nkhungu, osaona amene ali patsogolo pako. Amuna ankasinthana, a Gervazio okha anakana kulandiridwa. Nsapato zawo zinatsalira m'matope, sanacheuke. Ine ndinanyamula botolo la madzi, kumawanyowetsa milomo tikaima. Kugwa ndiye kosawerengeka. Bambo wina anati, "Achemwali, inu mungotsala, mukutichedwetsa." Amanena zoona. Sindinatsale.

Pamwamba pa phiri a V. analankhula kamodzi, momveka bwino: "Themba wadya?" A Gervazio anati wadya, amake Nomsa, wadya. Sanalankhulenso.

Tinatulukira kumsewu dzuwa litapendeka. Galimoto ilipo, madamu S. ali ndi kabokosi kozizira m'manja, insulini ili momo. Palibe analimba mtima kubaya munthu wokomoka osayeza. Tinangowalowetsa, mutu pamiyendo panga, n'kuthamanga. Kabokosiko kanali pambali pawo njira yonse. Amuna aja anatsala pamsewu ndi chitseko chawo, akuti achibwezera kusukulu.

Pano ali mkati, madilipi manja onse awiri. Namwino wafunsa kuti asiya liti kubaya, ndamuuza. Wangondiyang'ana n'kubwerera mkati.

Lolemba, 17 Febuluwale

A Victoria amwalira m'mawa.

Lachiwiri, 18 Febuluwale

Dzulo sindikanatha kulemba.

Ndinali nditapita kukagula buledi ndi tiyi wa a Gervazio, poti sanadye chiyambire kuphiri. Pobwera ndinawapeza ataima pakhonde, chitenje cha kwaya chili m'manja, atachipinda bwinobwino. Anangoti, "Apita." Ndinaima ndi buledi wanga ngati chitsiru.

Dokotala anati thupi linali litatopa kale, impso zitaima. Akanafika dzana lake, mwina. Mwina.

Wa kiyi uja akuti anabwera ku ntchito pa nthawi yake.

Madamu S. analira kwambiri, kuposa ine. Ine misozi yakana. Bokosi agula iwo, ndipo galimoto ya ofesi ndi imene yanyamula maliro lero. A V. akwera ya mabwana kawiri. Ndinaganiza zimenezo m'galimoto ndipo ndinatsala pang'ono kuseka. Ndili bwinobwino ine?

Mtsinje waphwa. Mvula sinagwe chiyambire Lamulungu. Madzi ofika m'chiuno basi, amuna anawolotsa bokosi pamapewa mosavuta konse. A Gervazio anaima pakati pa madzi n'kuyang'ana kumtunda, kuyang'ana kumunsi. "Taonani," anatero. Basi.

Tsidya lino amayi anali akudikira. Kulira kunayambira pamenepo.

Lachitatu, 19 Febuluwale

Tawaika.

Nyumba palibe, ndiye mwambo unachitikira pabwinja, malona atamanga pamitengo. Amayi a pa Chimbiya anabwera ambiri, atavala maepuloni awo a kumsika. Anadzaza minibasi mpaka pamtsinje, kuwoloka atakweza zitenje. Kwaya inavutika. Woyambitsa nyimbo anali a V., ndiye nyimbo ikatha ankayang'anana kuti ayambe ndani.

Ndinakhala kumbuyo. Amayi awiri patsogolo panga, osadziwa kuti ndili pomwepo, kapena akudziwa:

"Akanakwera kabaza Lachitatu lija bwenzi ali moyo."

"Anawaletsa ndi kamtsikana ka bungwe kaja. Kanati kubwera galimoto."

Titachoka kumanda ndinapita kwa a Gervazio, kugwada. Ndinati bambo, ndine ndinawauza kuti adikire. Anali akuthyola kamtengo tizidutswa.

"Ine ndinawauza kuti apite, za ufa ndiona ndekha. Anati ayi, asisi aja ndi ophunzira, sanganame." Sanakweze mawu. "Simunaname. Galimoto inabwera."

Kenako anaitana Nomsa kuti andithire madzi m'manja ndikadye.

Ndinadya.

Lachinayi, 20 Febuluwale

Madamu S. aimba. Nkhani ya a V. yafika patali. Chithunzi cha pamtsinje chija, a V. ataima ndi kachikwama, akuti chawakhudza akuluakulu a mabungwe. Akhazikitsa kakomiti koona ngati mankhwala a shuga ndi bipi angamaikidwe m'makatoni a ngozi. Kakumana mwezi wamawa. Akufuna ine ndikalankhule, poti ndinaona ndi maso. "Pilira, ndikudziwa n'zowawa, koma khomo latseguka. Takhala tikugogoda zaka ndi zaka." Anatinso nthawi yanga yophunzira ikatha, mwina andilemba ntchito.

Ndinati zikomo madamu. Zikomo!

Wapampando wa kakomitiko ndi bambo uja wa tiyambe tapulumutsa miyoyo.

Ndiye kuti pamafunika maliro. Lachisanu a V. anali moyo, akusimba za beseni, nkhani yawo inali ya zina ndi zina. Lero ali m'manda, nkhani ili pamwamba. Ndipo ine ndikavale siketi yabwino, ndikaime patsogolo, ndikawaonetse pachinsalu, anthu akapukute maso kenako akamwe tiyi.

Agogo a bipi aja mutu ukuwawawa, akuti akuona tinthu tothwanima masana. Mwana wakugwa uja wagwanso dzulo, pafupi ndi moto. A Levison awauza apite ku boma poti mtsinje ukuwoloka, koma agogowo akafika bwanji pamtsinjepo? Sindinapite kukawaona. Ndikaona munthu akubwera kumene ndili, ndikumakhota.

Ndinawaimbira amayi ku Kasina. Nditangomva mawu awo misozi ija inabwera yonse, pachulu pomwepo, ana a sukulu akundiona. Anandisiya ndilire, kenako: "Bwera kunyumba, mwana wanga. Ntchito zilipo zina."

Mawa lole ibwera mpaka pamtsinje. Ndalongedza. Ku Lilongwe ndikangotula foni ya ofesi, basi.

Lachisanu, 21 Febuluwale

M'mawa ndinakhala pakhonde la aphunzitsi, chikwama pamiyendo, kudikira kuti lole ikafika andiuze. Kunabwera bambo wina wachikulire, wamtali, akuyenda pang'onopang'ono ngati wasenza madzi. Pothawira panalibe. Anavula chipewa, anakhala pasitepe.

"Ndinu mumalemba odwala, mayi?"

Ndinati ndinali ine, koma ndikupita. Ndinati bambo, ine ndilibe mankhwala, ndilibe galimoto, ndilibe chilichonse. Munthu amene ndinamulemba munamuika dzana.

"Ndikudziwa. Manda ake ndinakumba nawo. Ndili m'dzenjemo mutu unazungulira, anachita kunditulutsa anzanga." Akuti mapiritsi awo a bipi anakwiririka ndi nyumba, chiyambire tsiku lija sanamwe.

Ndinati ndiye pitani kuchipatala, mtsinje ukuwoloka.

"Ndipita, mwana wanga akabwera ndi njinga. Koma mvula sinathe, ndipo mlatho palibe." Anatembenuza chipewa m'manja. "A Levison akuti mwaitanidwa kukalankhula ku Lilongwe."

Ndinati sindikudziwa ngati ndipite.

"Zimenezo ndi zanu. Ine ndangoti mundilembe ndikadali moyo."

Kumadzulo mitambo inali itayambanso kuda. Cholembera chinali pansi penipeni pa chikwama, ndinachita kukhuthula zovala zonse pakhonde. Iwo anadikira, osafulumira.

"Benedicto," anatero. "Benedicto Zikhalo."